Mapepala a nyumba asapite kwa wakatapila, ndipo mmisiri azilandira za ntchito yomwe mwaiona

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga. Mwati ndinu mphunzitsi ku Ulongwe, denga likudontha, mukufuna kusintha malata, kupaka pulasitala ndi kuwonjezera chipinda chimodzi mvula isanagwe. Za xitique, gulu lija losonkherana ndalama mosinthana, ndi za mbatata sizikukwana. Pali bambo wina wobwereketsa ndalama amene akufuna musiye mapepala a nyumba, musainirane kuti mukalephera kubweza nyumbayo ndi yake. Amisiri alipo awiri: msuweni wa amuna anu wa ku Dedza, wotsika mtengo koma akufuna theka la ndalama asanayambe, ndi kakampani ka m'tauni momwemo kamene mtengo wake wakwererapo. Mukufunsa kuti lamulo likuti bwanji.

Ndiyambe ndi bambo wobwereketsayo, chifukwa apa ndi pamene mungataye zambiri.

Kuno ku Mozambique nthaka ndi ya boma. Lamulo la malo, Lei 19/97, limanena kuti nthaka siigulitsidwa ndipo siikhala chikole. Chimene muli nacho inu ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo, uja timati DUAT. Chimene chingakhale chikole ndi nyumba imene munamangapo mololedwa, ndipo chikole cha nyumba, hipoteca, chimagwira ntchito pokhapokha chikalembetsedwa ku conservatória, ofesi ya boma yolembetsa nyumba. Kungosiya mapepala m'kabati mwa munthu si hipoteca ayi. Tsono mawu akuti mukalephera kubweza nyumba ndi yake, ndime 694 ya Código Civil, buku la malamulo a mapangano ndi katundu, imawakana: pangano loti wobwereketsa adzatenge yekha chinthu chachikole ndi lopanda mphamvu, ngakhale munasaina ndi manja anu. Wofuna ndalama zake ayenera kudzera kubwalo la milandu, nyumba igulitsidwe motsata lamulo, iye atenge zake, zotsala zibwerere kwa mwini.

Komatu musalimbe mtima ndi ndime imeneyi n'kupita kukasaina. Akatapila ambiri amaidziwa kuposa ife maloya. Chimene amachita ndi kukusainitsani pepala lina, declaração yonena kuti mwawagulitsa nyumba ndipo ndalama mwalandira zonse. Mukadzapita kubwalo, ntchito yosonyeza kuti inali ngongole osati malonda idzakhala yanu, ndipo milandu yotere imadya nthawi ndi ndalama zoposa ngongoleyo. Pepala lililonse lokhala ndi mawu akuti venda (kugulitsa) kapena compra (kugula), musaikepo dzina lanu. Komanso ngati ukwati wanu ndi wolembetsa, lamulo la mabanja limafuna kuti nonse awiri muvomereze nyumba yokhalamo banja isanaikidwe chikole. Izi ndikunena chifukwa kwathu kuno nyumba zambiri zili pamalo a kuchikazi, ndiye mayi amaona ngati mawu ndi ake yekha, bambo nawo amati malata ndinagula ndine. Khalani pansi awiri musanakumane ndi wobwereketsa aliyense.

Popeza muli pa malipiro a boma, simukufunika kuika nyumba pachiswe. Mabanki monga Millennium bim ndi BCI, komanso mabungwe monga Letshego ndi Bayport, amabwereketsa ogwira ntchito m'boma n'kumadula kumalipiro. Sindikuwatsatsira malonda, chiwongoladzanja chawo nacho chimaluma. Kusiyana kwake n'kwakuti amayang'aniridwa ndi Banco de Moçambique, ndipo zikavuta muli ndi kokadandaula. Musanasaine apempheni pepala losonyeza ndalama zonse zimene mudzakhale mutabweza pofika mwezi womaliza, kuphatikizapo inshulansi ndi zolipira zina, ndiponso chimene chidzachitike mukafuna kumaliza ngongole msanga. Wa pakauntala amakonda kukuuzani za mwezi umodzi zokha, chifukwa zimamveka zochepa. Ine ndikanakhala inu ndikanabwereka za denga zokha, chipindacho n'kudikira mbatata za chaka chamawa. Denga ndi limene likuthamangitsana ndi mvula.

Musaiwale chilolezo. Kuwonjezera chipinda ndi kumanga, ndipo poti Ulongwe ndi município, licença imachokera ku khonsolo ya tauniyo. Amene ali kunja kwa tauni, monga ku Tsangano kapena Furancungo, amapita ku ofesi ya boma yoona zomangamanga, SDPI. Pitani mukafunse musanagule simenti, asadzakuimitseni ntchito khoma lili pawindo.

Tsopano amisiri. Mgwirizano wa mwininyumba ndi womanga lamulo limautcha empreitada, ndipo uli m'ndime 1207 mpaka 1230 za Código Civil. Ndimezi zimakhudza mestre, mmisiri woima payekha, wa njinga ndi chikwama cha zida chimodzimodzi ndi kampani ya galimoto. Ndipo pali mfundo imene anthu ambiri saidziwa: ndime 1211 imati ngati simunagwirizane mwina, kapena palibe chizolowezi china, mtengo umalipidwa pamene mwininyumba walandira ntchito. Ndiye theka limene msuweni akufunalo si lamulo, ndi pempho chabe, mukhoza kukana.

Funso limene ine ndimafunsa za mmisiri aliyense ndi lakuti, zikavuta ndikamupeza kuti? Kampani ikuonetseni alvará yake (chilolezo chogwirira ntchito), NUIT (nambala ya msonkho), ndi pamene pali ofesi. Mestre akuonetseni BI, chiphaso chake cha unzika, ndi nyumba ziwiri kapena zitatu zimene anafolera, mukacheze ndi eni ake iye palibe, makamaka nyumba zimene zapyola kale dzinja limodzi. Msuweniyo akhoza kukhala katswiri ndithu, sindikumunyoza. Vuto lake ndi malire. Akangowoloka pa Calómuè ndi ndalama zanu, samoni ya bwalo la ku Angónia, boma lanu, kuti imupeze ku Dedza ndi ulendo wautali, ndipo musanafike n'komwe kumeneko apongozi adzakhala atakuuzani kale kuti za pachibale sizipita kukhoti. Ngati mtima wanu uli pa iyeyo, zipangizo muzigula nokha, zizigona kwanu, iye azilandira za manja ake okha. Zimenezi zilembedwe, chifukwa ndime 1210 imati popanda pangano lina zipangizo amabweretsa ndi womanga.

Aliyense amene musankhe, mulemberane. Lamulo silikakamiza kuti empreitada ikhale yolembedwa, koma kubwalo mawu apakamwa amasanduka kukanirana. Pepala limodzi lokha likwanira, mu Chipwitikizi poti ndicho chiyankhulo cha kubwalo, ndipo muwerengerane m'Chichewa pamaso pa mboni ziwiri. Mulembemo ntchito yeniyeni, osangoti "kukonza nyumba": malata angati, a geji yanji, matabwa a mtengo wanji, pulasitala mkati mokha kapena ndi kunja komwe, tsiku loyamba ndi lomaliza. Mtengo ukhale mu meticais. Ndikudziwa kuti kumalire kuno kwacha imayenda pamsika, koma ikagwa pakati pa ntchito mudzakangana kuti wataya ndani. Malipiro muwagawe motsata ntchito: maziko akatha, khoma likafika palintala, denga likafoleredwa, ndipo gawo lomaliza mulisunge mpaka mvula yoyamba itagwa padengapo. Mukamaliza pitani nonse kwa notário, wotsimikiza zikalata mwalamulo, akatsimikize masaini. Polipira gwiritsani M-Pesa, e-Mola kapena banki, ndipo mauthengawo musafufute; mukapereka pamanja, asaine.

Ntchito ili mkati muli ndi ufulu woiyendera, kapena kutuma wodziwa kuti akuonereni, malinga osamusokoneza mmisiri. Akabwera ndi mawu akuti simenti yakwera, onjezerani, kumbukirani ndime 1214: womanga sasintha ntchito popanda chilolezo chanu, ndipo ngati munagwirizana mtengo umodzi wa ntchito yonse, kuwonjezera kumafuna chilolezo cholembedwa chotchula ndalama zake. Inunso mukasintha maganizo, mwina mwafuna windo lina, lembani pomwepo ndi mtengo wake.

Tsiku lolandira ntchito musalitenge mopepuka, ngakhale mmisiri akhale akuthamangira basi. Lamulo limati cholakwika chooneka ndi maso chimatengedwa ngati munachidziwa, ndipo mukalandira osanena kanthu, womanga wamasuka pa chimenecho. Lowani m'nyumba masana, mutseke zitseko, muyang'ane kudenga ngati pali timabowo ta misomali tolowetsa kuwala. Gogodani pulasitala ndi chala. Pamene pakulira ngati mopanda kanthu sipanagwire. Zimene mwapeza muzilembe papepala lolandirira, nonse musaine.

Cholakwika chobisika chikadzaoneka pambuyo pake, muli ndi masiku 30 kuchokera tsiku limene mwachiona kuti mumudziwitse. Chitani molemba, musunge kope ndi zithunzi. Choyamba mumapempha kuti akonze. Ngati sizikonzeka, amangenso. Akakana, ndi pamene mumapempha kutsitsa mtengo, kapena kuthetsa mgwirizano ngati ntchitoyo siingagwire chimene munaifunira, ndipo chipukutamisozi chimabwera pamwamba pa zimenezi. Musathamangire kuitana mmisiri wina woyambayo musanamupatse mpata, chifukwa adzanena kuti wawononga ndi mnzakeyo. Mlandu uyenera kulowa m'bwalo chisanathe chaka kuchokera pamene munadandaula, ndipo zaka ziwiri zikadutsa chiperekereni ntchito, pa zolakwika wamba khomo latsekeka. Pa zazikulu, monga khoma kugwa kapena ming'alu yoopseza nyumba, ndime 1225 imamugwira womanga kwa zaka zisanu.

Akathawa ntchito ili pakati, mulembereni kalata yomupatsa masiku oti abwerere, ndipo munenemo kuti akapanda kutero mgwirizano watha. Kalatayo ipite kudzera kwa secretário wa bairro kapena mboni. Bwalo la m'mudzi, tribunal comunitário, limathandiza kuyanjanitsa, koma lokhala ndi mphamvu yolanda katundu wa munthu kuti mulipidwe, ndi bwalo la milandu la boma lanu, tribunal judicial. Ngati ndalama za loya palibe, IPAJ, bungwe la boma lothandiza pa milandu, imathandiza ovutika kwaulere. Mutenge mgwirizano, malisiti, zithunzi ndi makalata onse.

Chinthu chimodzi chokha muchenjere nacho kumbali yanu. Ndime 1229 imakulolani kuimitsa ntchito nthawi iliyonse, koma mukatero popanda cholakwa cha womanga mumamulipira ndalama zimene wagwiritsa ntchito, ntchito imene wagwira, ndi phindu limene akanapeza. Ndiye musasaine za nyumba yonse ndalama muli nazo za denga. Lemberanani za denga lokha; chipinda chidzakhale ndi pepala lake.