Mwana wanu asachite kutchuka kaye kuti mumulandire

Imelo imene ndalandira sabata ino yandisowetsa tulo. Yachokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala kuno ku UK. Mwana wawo wamwamuna, wamkulu woti amadzilipirira yekha lendi, amavala madiresi ndi mawigi n'kumasangalatsa anthu m'mabala a ku Manchester, ntchito imene kuno amati drag. Akufunsa ngati zimenezi zili ndi tsogolo, ndipo awonjezera kuti mwanayo akanafika pa TV ngati ena aja, mwina manyazi ake akanawapirira.

Mayi, mawu omalizawo ndi amene andibaya. Ndikuyankhani, koma mundilole ndidzere kutali.

Nditangofika kuno ndinalowa ntchito ya care ngati anzathu ambiri, kusambitsa ndi kudyetsa agogo pa nyumba ina yosungira okalamba. Ikamakwana 5 koloko madzulo panalibe zokambirana, TV ya pabalaza inkayenera kukhala pa pulogalamu ya Paul O'Grady. Panali agogo ena okana chakudya tsiku lonse, koma mukawakhazika moyang'ana bamboyo, ali mu suti yake, kagalu kake Buster kali pa tebulo, ankatsegula pakamwa okha supuni ikamabwera. Agogo omwewo ndi amene anandigwira mkono tsiku lina n'kundiuza kuti iwo anayamba kumukonda bamboyu akadali kuvala siketi. Mnzanga wa pa shifiti anandionetsa chithunzi chake: chimzimayi chachitali, chiwigi choyera chotukumuka, kasiketi kakafupi, nsapato za gogoda, nkhope yoti mukamuputa akutukwanani mpaka kwanu. Ameneyo anali Lily Savage, dzina limene O'Grady ankadziwika nalo akavala ngati mzimayi pa siteji.

O'Grady anabadwa mu 1955 ku Birkenhead, kutsidya kwa mtsinje wa Mersey moyang'anana ndi Liverpool, m'banja la Akatolika la anthu wamba amene makolo awo anachokera ku Ireland. Atapita ku London analembedwa ntchito ndi khonsolo ya Camden, yolowa m'makomo amene zinthu zavuta kukasamalira ana ndi okalamba. Ntchito yathu yomweyi, mayi, ya matewera ndi mapoto. Lily anayamba kuonekera mu 1978, ndipo sanachokere kumwamba ayi. Dzina loti Savage linali la kwawo kwa amayi ake, ndipo kamwa lakuthwalo analitengera kwa azimayi amene anamulera, makamaka m'bale wa amayi ake, Chrissie, amene anali kondakitala wa basi. Anthu ankaseka chifukwa ankamudziwa mzimayi ameneyo, aliyense anali naye kwawo.

Kwa zaka 8 ankasewera pa bala ya Royal Vauxhall Tavern kummwera kwa London. Zinali zaka za m'ma 1980, Edzi itangolowa, ndipo anzake ankamwalira motsatizana. Masana ankazonda odwala m'zipatala ndi kuika maliro, usiku n'kuvala wigi kukaseketsa otsalawo. Mu Januwale 1987 apolisi anathyola balayo atavala magolovesi a labala poopa kukhudza anthu amene anali m'katimo. Lily ali pa siteji anangowayang'ana n'kunena kuti zikuoneka kuti kwabwera otithandiza kutsuka mbale.

Nkhani ya magolovesiyi ndikaimva sindiseka nawo, chifukwa ifenso tinali ndi magolovesi athu. Tinali ndi kapu yapadera, mbale yapadera, mphasa ya kuseri kwa nyumba.

Achimwene anga anaphunzira pa sekondale ya anyamata okhaokha, ndipo pa sewero lililonse mbali ya mzimayi inali yawo. Ankamanga chitenje, duku kumutu, nsanza ziwiri pachifuwa, n'kulowa ngati apongozi olongolola amene abwera kudzaona ngati mkamwini wamanga nkhokwe. Ankadziwa ngakhale kakokedwe ka chitenje mzimayi akafuna kuyamba ndewu. Holo yonse inkagwa ndi phwete, aphunzitsi ndi makolo omwe. Abambo athu ankawaombera m'manja. Koma sukulu itatha, zitaoneka kuti kayendedwe kaja ndi kalankhulidwe kaja sizinali za pa siteji pokha, manja omwewo anawalozera msewu. Amalume anaitanidwa, anthu anakhala pansi pa mtengo, chigamulo chinali choti akutichititsa manyazi. Anapita ku Joni. Anabwerako ataonda, akutsokomola, ndipo ndinali ine wowapititsira phala kuseri kuja, m'mbale imene wina aliyense sankaikhudza. Pa maliro awo anthu omwe aja anaimirira mmodzimmodzi kuchitira umboni kuti mnyamatayu anali ndi luso, kuti akanapita patali, kuti dziko lataya munthu. Ndinakhala m'gulu la azimayi ndikunjenjemera ndi mkwiyo, ndipo mkwiyowo sunathe mpaka lero.

Ndiye ndinene mosapsatira. Tili ndi khalidwe loipa lodikira kuti anthu akunja atiuze kaye kuti mwana wathu ndi wofunika. Akatchuka ndi wathu, tonse timakumbukira kuti tinamubereka kumsana. Akamwalira ndi wathunso. Pakati apa, pamene akusowa munthu womuimbira foni, ndi wa yekha. Chikondi chodikira kamera ndi malonda, ndipo mwana amazindikira msanga kuti akugulitsidwa.

Onani mmene zinayendera kwa O'Grady. Mu 1991 anali m'gulu la opikisana pa mphoto ya anthabwala ya Perrier ku Edinburgh, ndipo a TV anayamba kumuona. Mu 1995 Lily anayamba kucheza ndi anthu otchuka atagona nawo pa bedi mu pulogalamu ya m'mawa ya The Big Breakfast pa Channel 4. Mu 1997 BBC inamupatsa Blankety Blank, pulogalamu imene mabanja ankaonera limodzi ndi ana awo. Kuchoka mu 1978 kufika mu 1995 ndi zaka 17, zambiri mwa izo za m'mabala, za kuvalira m'zimbudzi, za kudzuka m'mawa kupita ku ntchito ina. Kenako anamuvula Lily, n'kumauza anthu kuti mayiyo walowa usisitere ku France, ndipo kuyambira 2004 anayamba pulogalamu ya dzina lake imene agogo anga aja ankaikonda. Mu 2008 analandira ulemu wa MBE. Dziko lomwe linamutumizira apolisi a magolovesi linamuveka mendulo, munthu wake ali yemweyo, pakamwa pake pali pomwepo.

Ndipo kutchukako sikunamutchinge ku chilichonse. Mtima unamugwetsa mu 2002 ndi mu 2006. Mu 2005 anataya Brendan Murphy, wokondedwa wake amenenso ankayendetsa ntchito zake, munthu amene anali naye kuyambira nthawi ya m'mabala. Kuyambira 2012 ambiri anamudziwa ngati bambo wa agalu, chifukwa cha pulogalamu yojambulidwa ku Battersea kumene amasunga agalu ndi amphaka otayidwa. Ena amadabwa kuti munthu wa wigi uja anafika bwanji kumeneko. Ine sindidabwa, popeza moyo wake wonse unali pafupi ndi otayidwa, kuyambira m'makomo a ku Camden. Anamwalira pa 28 Marichi 2023 ali ndi zaka 67, ndipo pa tsiku la maliro anthu anandanda m'misewu ya mudzi wa Aldington ku Kent atagwira agalu awo.

Za TV za masiku ano ndiye musazidalire n'komwe. The Vivienne, amene anapambana mpikisano woyamba wa drag wa pa TV wotchedwa RuPaul's Drag Race UK mu 2019, anamwalira mu Januwale 2025 ali ndi zaka 32 zokha, ndipo abale ake anaulula okha kuti anali mankhwala ozunguza bongo a ketamine. Anali ndi dzina, anali ndi omutsatira ochuluka. Mwana sakulira nakubala, mayi, kaya ali pa BBC kaya ali pa kabala ka anthu makumi awiri.

Tsono za funso lanu

Tsogolo la ndalama lilipo koma ndi lopapatiza. Ambiri a ntchitoyi amakhala ndi ntchito ina ya masana, ndipo mawigi, nsalu ndi zophodaphoda zimadya ndalama zambiri. Asasiye ntchito imene ali nayo, ndipo za m'mabalazo azilembetse ku HMRC, bungwe lotolera misonkho kuno, ngati munthu wodzilemba yekha ntchito. Chikhulupiriro chanu sindikukulandani. Musaganizirenso nokha za amene iye amamukonda pongoona diresi, mufunseni mwini wake ndipo mulole kumva yankho.

Zouza akumudzi musiyireni iye. Lamulo la ku Malawi limamangabe amuna ogonana okhaokha mpaka zaka 14, khothi linakana kulichotsa mu June 2024, ndipo anthu sadikira umboni akaona chithunzi cha mnyamata ali mu diresi. Zithunzi za pa Facebook zimafika kumudzi tsiku lomwelo, choncho kambiranani zimenezi asanagule tikiti yopita kwathu. Muimbireni foni lero, ndipo nkhani ya diresi isakhale yoyamba. Mufunseni kuti amabwerera bwanji kunyumba usiku akaweruka, amayenda ndi ndani, komanso ngati akumwa kuposa kale.