Mlongo wanga akuti mayi wa mu stori yanga ndi ine ndemwe ndavala chitenje

FUNSO: Zikomo Azakhali. Ndine mnyamata wa zaka 26, ndimalemba nkhani zazifupi. Panopa ndikulemba ina yomwe mtengambali wamkulu ndi mzimayi wogulitsa tomato mumsika, mwamuna wake anapita ku Johannesburg ndipo satumiza olo kakobiri. Ndinampatsa mlongo wanga kuti awerenge nde anangoseka nkunena kuti "uyu si mzimayi, ndiwe wemwe wangovala chitenje". Zandiwawa heve. Kodi mwamuna angalembedi za mkazi anthu nkukhulupirira, kapena ndingomusintha akhale bambo basi? Tsamba loyamba ndakutumizirani. Wanu wa ku Ndirande.

YANKHO: Achimwene, musamusinthe ayi. Koma mlongo wanuyo mumugulire Fanta, chifukwa wakuuzani zimene anzanu akanangokubisirani nkumati "zili bho".

Tsamba lanu ndawerenga kawiri. Mayi uja wadzuka, waima pagalasi, nde ndime ziwiri zathunthu akudziyang'ana mbina, chifuwa, khungu losalala ngati chani kaya. Chitenje chanu chamasukira pamenepo. Maso amene akuyang'anawo si ake, ndi anu. Mzimayi wa geni amene wadzuka 4 koloko mbandakucha kuthamangira galimoto yokapikula tomato ku Lizulu, pagalasi amangoona ngati duku lakhala bwino basi, mutu wake uli pa mpamba, kuti ukwana madengu angati, woyendetsa atchaja zingati pa dengu, angati aphwanyike m'njira, chiphaso cha mumsika, nanga Lachisanu ku banki mkhonde akabweza chani poti mwana wamuthamangitsa kusukulu nkhani ya fizi. Mu tsamba lanu lonse sindinaone ndalama olo imodzi, chonsecho munthuyu moyo wake ndi kuwerenga ndalama. Amazisunga pati? Pansonga ya chitenje, m'kachikwama ka m'chiuno, kapena pa foni kuopa achibale a mwamuna wake? Mukayankha funso limeneli mwamupeza kale theka.

Zoti mwamuna sangathe, zimenezo ayi. Nuruddin Farah wa ku Somalia anabadwa mu 1945, ndipo buku lake loyamba, From a Crooked Rib, linatuluka mu 1970 iye ali mnyamata ngati inu nomwe. Mwini nkhani ndi Ebla, mtsikana wa kumudzi amene akuthawa poti agogo ake aamuna amupereka kwa nkhalamba posinthana ndi ngamila, nkukathera ku Mogadishu. Chimene chimagwira owerenga si nkhope ya Ebla, ndi zoti mtsikanayu akudziwa kuti amuika mtengo ngati chiweto ndipo akufuna atulukemo. Wanuyo akufuna chani? Musandiuze kuti akufuna mwamuna wake abwere, mwina ndi inu amene mukufuna choncho. Mwina iyeyo akuopa kuti akabwera adzadya mpamba, mwina wazolowera kugona mwamtendere, mwinanso akumusowadi koma ali ndi mkwiyo woti akangomuona pakhomo sadziwa ngati alire kapena amuthire madzi a m'beseni.

Vuto lenileni la inu abambo olemba ndi loti pali zipinda zomwe simunalowepo. Pa siwa inu mumakhala panja pamoto kukamba za mpira ndi ndale, amayi ali m'nyumba ndi thupi usiku onse kuimba, ndipo pakati pa nyimbo pamakambidwa nkhani zoti inu simungazilote. Ku sikelo, pamjigo, kuchilangizo cha mkwatibwi, chimodzimodzi. Musapeke, mudzagwidwa. Funsani mayi anu, azakhali anu enieni, ndipo pomwe akukanizani kuti "izi si za amuna" lembani kukanako, chitseko chotsekacho nacho ndi nkhani. Komanso onetsetsani kuti banja lake ndi lotani, chifukwa mzimayi wa chikamwini amene ali pamudzi pakwawo, malume ake ali pompo, sayankhula ngati amene anapita kuchitengwa ali pakati pa alamu ndi apongozi. Mwamuna akasowa, woyambayo nyumba ndi munda nzake, winayo ayamba kuwerenga masiku.

Chinanso, poopa kulakwitsa musamusandutse mngelo. Ndatopa nawo amayi a m'mastori a anyamata, kaya ndi woyera mtima amene amangolira tsamba lililonse nkumapemphera, kaya ndi hule wolanda amuna a eni, pakati palibe. Mpatseni kachilema kake. Aziika tomato wofewa pansi pa mulu, azinamiza mwana wake kuti adadi aimba foni usiku uli mtulo, akhale ndi mnzake wa pabenchi yoyandikana amene amadya naye chiwaya koma akumuchitira nsanje. Ndipo pakamwa pake pasamatuluke Chichewa chimodzi. Kwa apongozi amagwada nkumati "ee, ndamva" mumtima akutukwana, kwa kondakitala amene wamuponyera dengu amalusa moti inuyo mungathawe, kwa kasitomala ndi "bwana tengani ndikuikirani basera". Mu tsamba lanu amayankhula ngati akuwerenga nkhani pa wailesi.

Nde chitani izi. Loweruka likubwerali musapite kokaonera mpira, pitani mumsika wa Ndirande womwewo, pezani mayi amene mumagulako ndiwo, mumuuze chilungamo kuti mukulemba nkhani, mumuthandize kuunjika milu mpaka madzulo, kope lisiyeni kunyumba chifukwa akaliona aziyankhula ngati ali pa intavyu. Mukalembanso mupatse azimayi atatu osiyana misinkhu, osati chibwenzi chanu, ameneyo angokuyamikirani. Musawafunse ngati yakoma, afunseni kuti "ndi pati pomwe munasiya kundikhulupirira?" ndipo akamaloza musadziteteze.

Galasi lija lichotseni. Yambirani pomwe dengu latsika m'galimoto, akuvundukula nkupeza a pansi onse aphwanyika, woyendetsa watambasula dzanja akudikira zake. Munditumizirenso tsambalo, koma mlongo wanu ayambe waliona.