Calculator ya pa intaneti ikapereka yankho losiyana ndi la m'buku

Mmodzi mwa owerenga, amene wangoyamba kumene kuphunzira trigonometry ndi calculus, wanditumizira imelo yodandaula kuti atalemba sin 30 (sine wa ngodya ya 30) pa calculator ya pa intaneti anapeza -0.988, pamene buku lake likuti yankho ndi 0.5. Akufunsa ngati ma calculator aulerewa ali odalirika pa masamu ozama, kapena angogula ya m'manja.

Ndikuuzeni kuti calculator yanuyo sinalakwitse, koma inayankha funso losiyana ndi limene munali nalo m'maganizo. Ngodya imayezedwa m'madigiri kapena m'ma radian, ndipo madigiri 180 ndi ofanana ndi ma radian π, omwe ndi pafupifupi 3.14. Inu mumatanthauza madigiri 30, koma makinawo anamva ma radian 30, ngodya yozungulira bwalo lathunthu kanayi n'kutsala pang'ono kukwanitsa kachisanu. Calculator imene imatuluka mukafufuza pa Google imayambira pa ma radian, choncho yang'anani pamene palembedwa Rad ndi Deg, dinani Deg, ndipo 0.5 wanu uja aonekera. Komabe mukafika pa calculus muzibwerera ku ma radian, chifukwa lamulo lakuti derivative (liwiro la kusintha) ya sin x ndi cos x limagwira ntchito pokhapokha ngodyayo ikayezedwa m'ma radian.

Msampha wina umene ndimauona kawirikawiri uli pa log. Pa calculator ya m'manja, batani la log limagwiritsa ntchito base 10, motero log 100 ndi 2, chifukwa mukachulukitsa ma 10 awiri mumapeza 100. Koma mukalemba log(100) pa Wolfram Alpha, tsamba la pa intaneti lowerengera masamu, imatenga ngati mukutanthauza ln, log ya base e (nambala yomwe ndi pafupifupi 2.718), n'kukupatsani 4.605 ndi manambala ena otsatira. Onse awiri akulondola, kungoti aliyense akutsatira chizolowezi chake. Ubwino wa Wolfram Alpha ndi wakuti imaonetsa pamwamba mmene yamvera funso lanu, ndipo ndikukupemphani kuti muziyamba mwawerenga mzere umenewo musanayang'ane yankho.

Mabulaketi nawo musawaumire. Mukalemba -3^2 (^2 amatanthauza kuchulukitsa nambala ndi iyo yomwe), ma calculator ambiri asayansi amapereka -9, pamene Excel imapereka 9, ndipo kusiyana konseku kumatha mukalemba (-3)^2 kapena -(3^2) malinga ndi chimene mukufuna.

Ineyo ndikatsegula calculator yachilendo, kaya ndi Desmos kapena GeoGebra, ndimayamba ndaifunsa zinthu zimene ndikuzidziwa kale: sin 90, log 100 ndi -3^2. Sizinditengera ngakhale mphindi imodzi, koma zimandiuza mmene makinawo akuwerengera. Ndimayerekezanso yankho m'mutu ndisanadine batani lomaliza. Inunso mukanakumbukira kuti sine wa ngodya iliyonse ya pakati pa madigiri 0 ndi 180 sangakhale wochepera 0, chizindikiro chochotsera chija chikanakuchenjezani nthawi yomweyo.

Pa nkhani yogula, pophunzira panokha ya pa intaneti ndi yokwanira, ndipo pojambula ma graph imaposa ma calculator ambiri a m'manja. Koma ngati mukukonzekera mayeso, funsani msanga mtundu wa calculator umene umaloledwa m'chipinda cholembera, muupeze, ndipo muziugwiritsa ntchito tsiku lililonse kuti zala zanu zizolowere pamene pali mabatani ake.