Yankho la amalume pa za maginito a Tadala

Eee, achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Pepani ndachedwa kuyankha. Uthenga wanu ndinauona m'mawa, koma ndinali m'denga la nyumba ina ndikukoka mawaya, manja onse ali bii ndi fumbi. Ndiye ndati ndingolankhula, kulemba ndingagonerepo. Abale ena m'gulu muno mundikhululukire, italikako pang'ono.

Mwati aphunzitsi a sayansi auza Tadala kuti apange maginito oyendera magetsi akaonetse m'kalasi Lachiwiri, ndipo mukufunsa ngati pakufunika kugula zinthu zodula, komanso ngati mwanayo sagwidwa ndi magetsi. Za ndalamazo musadandaule, zambiri zili pakhomo panu pomwepo. Za kugwidwazo, batire la tochi ndi la mavoti 1.5 basi, silingagwire munthu. Chimene lingachite ndi kutenthetsa waya mpaka kuwotcha chala, zimenezo ndifotokoza. Koma chimodzi ndinenetse pompano ndisanaiwale: asayerekeze kulowetsa waya ameneyu pa soketi ya m'nyumba. Magetsi a ESCOM ndi mavoti 230, amenewo amapha. Batire la galimoto ayi, la njinga yamoto ayi, la sola ayi, la foni ndiye ayi kwenikweni chifukwa limatupa n'kuyaka moto. La tochi lokha, lalikulu lija timaika m'wailesi.

Tsopano muitaneni Tadalayo amve yekha, chifukwa wopanga ndi iyeyo. Inu achemwali ndikukudziwani, mulanda msomali n'kuyamba kukulunga nokha kuti zioneke bwino. Musatero. Akakhotetsa, akhotetse yekha.

Iwe Tadala, tamvera. Upeze msomali umodzi waukulu, wa mainchi 4 kapena 6, wamba uja akalipentala amakhomera mapulanga. Upeze waya wa kopa woonda, mamita 3 akukwana. Mabatire atatu atsopano, kalegeni komangira, kalezala kapena kachidutswa ka sandipepa, ndi tizitsulo ting'onoting'ono tonyamula. Ma paper clip ndi abwino chifukwa amakhala ofanana, koma timisomali ta asoka nsapato tija natonso tili bwino.

Wayayo ndiye nkhani. Upite kumsika kwa anyamata okonza mawailesi kapena okulunga mamota a mafani, uwapemphe waya wa m'thiransifoma yakufa. Amakhala nawo wambiri wongotaya. Waya umenewu ukauona umaoneka ngati kopa wopanda kanthu, wofiirira, wonyezimira, koma ayi, unapakidwa vanishi woonda kwambiri. Vanishi ameneyo ndi amene amaletsa magetsi kudumpha kuchoka pa mzere wina kupita pa unzake, ndiye amakakamizika kuzungulira msomali wonse. Ukatenga waya wosakutidwa, ngati wa msampha wa mbewa uja, magetsi amangodutsa chidule ndipo palibe chimene chichitike kupatula kutha kwa batire. Waya wokutidwa ndi pulasitiki umagwiranso ntchito, kungoti ndi wonenepa, sukwana wambiri pa msomali.

Ndiye apa mpamene ambiri amagwera. Kumapeto konse kuwiri kwa wayayo upale vanishi, mwina masentimita 2, mpaka kopa aoneke mbee, kuzungulira mbali zonse. Ine amalume ako ndili Fomu 1 ndinakhala madzulo onse kukulunga waya pa bawuti ya njinga, mizere yoposa 200, yokongola ngati ulusi wa pa makina osokera. Kugunditsa pa batire, zii. Kusintha batire, zii. Ndinapsa mtima n'kuuponya kuseri kwa nkhokwe. Mawa lake bambo wina wokonza mawailesi anangoutola, kupala nsonga ziwiri ndi lezala, kugunditsa, misomali yonse ya patebulo pake tiii kumamatira. Anandiseka mwezi wathunthu. Achemwali mukukumbukira mwina, ndi nthawi ija ndinatha mabatire a wailesi ya bambo, iwo n'kulephera kumvera mpira.

Kakulungidwe kake ndi aka. Usiye waya wotalika ngati chikhatho chako ukulendewera, kenako uyambe cha kumutu kwa msomali, uzikulunga mothinitsa, mzere uliwonse kugundana ndi unzake, osakwerana. Chofunika kwambiri, uzizungulira mbali imodzi yokha. Ukafika kunsonga waya ukadalipo, ubwerere pamwamba pa mizere yoyamba ija, koma dzanja lizizungulirabe momwe linayambira. Ukatembenuza pakati, mizere yatsopanoyo imalimbana ndi yakale, mphamvu n'kuthetsana. Nsonga ya msomali uisiye poyera pang'ono, mpamene pazinyamulira. Uziwerenga mokweza pokulunga, ndipo mng'ono wako asakhale pafupi, akusokoneza.

Ukatha, nsonga imodzi ya waya uimange ndi legeni kunsi kwa batire, kosalala kuja. Inayo usamange. Imeneyo ndiye switchi yako, uzingogunditsa pa kamutu ka batire ukafuna kunyamula, n'kuchotsa. Masekondi 5, akachuluka 10. Chifukwa chake n'chakuti waya wa mamita 3 sutchinga magetsi kwenikweni, batire limakhuthula mphamvu zake zonse nthawi imodzi ngati mpopi wothyoka. Waya umatentha, batire limatentha, ndipo ukalisiya choncho mphindi zochepa lafa. Pogwira nsongayo uike kansalu kapena kachidutswa ka legeni pachala. Ukamva kununkha vanishi, siya, upume kaye.

Aaa, dikirani, pali wina pageti... Ayi, ndi wa makala. Ndipitirize.

Tsopano Tadala, kunyamula ma clip kokhako ndi matsenga ongosangalatsa anzako. Aphunzitsi akufuna kuona ngati wayesa chinachake n'kupeza yankho. Ndiye funso lako likhale lakuti: mizere ikachuluka, mphamvu imasintha bwanji? Ujambule tebulo m'kope. Ukulunge mizere 20, unyamule, uwerenge ma clip amene akwera, ulembe. Uchite katatu, chifukwa ulendo umodzi ukhoza kungokhala mwayi. Kenako mizere 40, 60, 80, chimodzimodzi. Manambalawo ndi amene ukapange nawo girafu.

Pali kachinsinsi apa kamene ana ambiri sakadziwa. Usamadule waya posintha mizere. Ugwiritse ntchito waya womwewo wa mamita 3 kuyambira poyamba mpaka pomaliza, wotsalawo uzingolendewera pambali osakulungidwa pa msomali. Ukadula waufupi wa mizere 20 ndi wautali wa mizere 80, wasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi, chifukwa mu waya waufupi mumadutsa karenti yambiri, ndiye kuti magetsi oyenda ochuluka, kuposa mu wautali. Ndiye sudziwa kuti chasintha mphamvu ndi chiti, mizere kapena karenti. Aphunzitsi akakufunsa kuti unasunga chiyani chosasintha, uwauze kuti waya womwewo, msomali womwewo, batire lomwelo, ma clip omwewo. Batirelo limafooka ukamapita, ndiye ukamaliza pa 80 ubwererenso pa 20 uone ngati nambala ikufanana ndi yoyamba ija. Ikatsika kwambiri, ulembe zimenezo, usabise. Ine mwana wolemba kuti batire linafooka ndimamukhulupirira kuposa wobwera ndi manambala oyenda bwinobwino ngati masitepe.

Chinanso uona: ukachotsa batire, ma clip ambiri agwa, koma kamodzi kapena tiwiri titsala tikulendewera. Usaganize kuti walakwitsa. Msomali ndi wa sitilu, ndipo sitilu amasungako maginito pang'ono. Chitsulo chofewa chenicheni, chimene amaika m'mathiransifoma, chimataya pafupifupi onse nthawi yomweyo. Ndiye usanayambe kuyesa kwina, ugogode msomaliwo pa simenti kangapo, otsalawo achepa. Ma clip nawonso amatengera, uziwasinthasintha.

Nthawi ikakhalapo uyesenso ziwiri izi. Ulumikize mabatire awiri, mutu wa lina kunsi kwa linzake, uwakulunge m'pepala n'kumanga ndi legeni ngati timachitira pa wailesi, uone kusiyana kwake, koma apa kutentha kumabwera msanga, masekondi 3 basi. Kenako usolole msomali, m'malo mwake ulowetse pensulo, waya uli womwewo. Uona kuti palibe chikunyamuka. Apo ndiye umvetsa ntchito ya msomali.

Akakufunsa kuti zikutheka bwanji, usakalowezere mawu a m'buku osawamva. Zili chonchi. Magetsi akamayenda mu waya uliwonse, kuzungulira wayawo kumakhala mphamvu ya maginito, kungoti yochepa. Anazitulukira ndi Hans Christian Ørsted ku Copenhagen, ku Denmark, mu 1820, ataona kuti singano ya kampasi yolozera kumpoto ikupotoka akayatsa magetsi mu waya wapafupi. Ukaukulunga wayawo, timphamvu ta mizere yonse timaphatikizana n'kuloza kumodzi. Nanga msomali? M'kati mwa chitsulo muli timagulu ting'onoting'ono timene tili kale ngati timaginito, koma kalikonse kamayang'ana kwake, ngati ana a sukulu pa nthawi ya buleki, wina uku wina uko. Magetsi akadutsa mu koyilo, waya wokulungidwa uja, zimakhala ngati belu la asembule lalira, onse pamzere kuyang'ana kutsogolo. Mphamvu yawo ikaphatikizana ndi ya waya, mpamene msomali umakoka. Ukazimitsa, abalalikanso, kupatula ochepa aja amakanirira pamzere. M'pensulo mulibe timagulu totere. Mu kopa ndi aluminiyamu namonso mulibe, n'chifukwa chake chitsekerero cha botolo lagalasi la Fanta chimamatira koma chitini cha aluminiyamu ayi. Utengeko zinthu ziwirizi ukaonetse, anzako adabwa.

Munthu woyamba kupanga chimene ukupangachi anali William Sturgeon wa ku England, cha m'ma 1825. Chitsulo chake anachipinda ngati chilembo cha U, n'kukulungapo mizere 18 yokha ya waya wosakutidwa, vanishi anapaka pa chitsulocho, ndipo mizereyo anaitalikitsa kuti isagundane. Kachitsulo kosafika ndi theka la kilogalamu komwe kananyamula pafupifupi makilogalamu 4. Kenako Joseph Henry wa ku America anaganiza zokutira waya weniweniwo ndi ulusi wa silika kuti athe kukulunga mizere yambirimbiri yosanjikizana, ndipo pofika 1831 maginito ake ankanyamula makilogalamu oposa 900. Waona? Nkhani yonse inagona pa kukutira waya, vanishi yemwe uja anandiliza ine.

Kusukulu kukakhala kampasi, upemphe. Uyandikize nsonga ya msomali, uone mbali ya singano imene ikubwera. Utembenuze batire, uona kuti yabwera mbali inayo. Ndiye kuti kumpoto ndi kumwera kwa maginito ako kwasinthana. Maginito a m'sipika sangachite zimenezi, ndipo sungawazimitse. Ako ukhoza kuwayatsa, kuwazimitsa, kuwatembenuza, n'chifukwa chake ali paliponse. Belu la magetsi, mota ya chigayo, pampu ya madzi. Achemwali, kaphokoso kaja ka "tcha, tcha" galimoto ya alamu ikakana kulira m'mawa, kameneko ndi koyilo ya pa sitata ikukoka kachitsulo, batire lili lofooka. Ngakhale majenereta a EGENCO pa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, chimene madzi amazunguza m'kati mwake ndi maginito a mtundu womwewu, akuluakulu. Ndipo mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu uja, William Kamkwamba, atapanga makina ake a mphepo ali ndi zaka 14, chodulira magetsi zinthu zikavuta anachipanga ndi misomali, waya ndi maginito. Ndiye msomali wakowo usaupeputse.

Lachiwirilo batire ulinyamule palokha m'thumba lina, osalumikiza, chifukwa nsonga zikagundana m'chikwama ukafika lili lakufa, mwinanso makope atapserera. Limodzi ulisunge latsopano, losagwiritsapo ntchito, la tsikulo. Koyiloyo uimange tepi kumapeto kuti isamasuke panjira, ndipo nsonga uzipalenso m'mawa womwewo, zimada msanga ndi thukuta la m'manja.

Achemwali, lezala lokhalo ndiye mumuyang'anire, azipalira pathabwa, osati pantchafu. Waya mukausowa kumsika mundiuze pofika Lachisanu, ndili ndi fani yakufa pano, ndimasula ndipatsire kondakitala wa minibasi Loweruka m'mawa. Iwe Tadala, tebulo lija ukadzaza ulijambule unditumizire muno, ndikufuna ndione kuti pa mizere 80 wakweza angati. Foni yatsala pang'ono kuzima, moni kwa alamu.