Mafunso a Owerenga: Mtengo wathu wa Khirisimasi unagwa pakati pa usiku

FUNSO: Akonzi, chaka chatha ine, amuna anga ndi ana athu atatu tinagwirizana zokongoletsa mtengo wa Khirisimasi pamodzi, koma chisangalalo chathu sichinakhalitse. Tinatha ola lathunthu tikumasula nthambo ya timagetsi imene inali itapiringizana, ndipo titaikulunga pamtengo tinapeza kuti theka lake silikuyaka. Ana anapachika zokongoletsera zonse mbali imodzi, ndipo nditayamba kuzisuntha wamng'ono analira kwambiri, moti ndinangozisiya choncho. Pakati pa usiku tinadzidzimuka ndi chiphokoso pabalaza, n'kupeza kuti mphaka wagwetsa mtengowo, ndipo kampira kagalasi kamene anandisiyira malemu mayi anga kasweka. Amuna anga akuti chaka chino tisavutikenso nazo. Kodi ndiwamvere?
Mayi wa ana atatu

YANKHO: Pepani kwambiri mayi chifukwa cha kampira kaja, pakuti chinthu chimene anakusiyirani kholo sichilowedwa m'malo ndi chogula. Komabe sindikuona chifukwa chosiyira, popeza mavuto ambiri amene mwafotokozawa anayamba ana asanapachike kanthu ngakhale kamodzi, ndipo angathe kupewedwa ndi ntchito ya akuluakulu ya mphindi zochepa.

Tiyambe ndi mphaka, amene ndikuona kuti mwamusenzetsa mlandu wonse. Kukwera mitengo ndi chibadwa chake, ndipo akaona tinthu tonyezimira tikulendewera sangaleke kutikhudza. Mtengo umagwa chifukwa ndi wautali pamene poimira pake ndi popapatiza, ndipo wanuwo unali utalemedwa kale mbali imodzi, kotero kuti mphakayo anangomalizitsa ntchito imene inali itayamba madzulo. Imikani tsinde m'ndowa yotakata pansi, muitsendereze ndi miyala, kenaka mumange kamtambo kolimba chapakati pa mtengo n'kukakoleka pamsomali wa pakhoma kumbuyo kwake, kumene sikaoneka. Mukatero muukankhe ndi dzanja mbali zonse, ndipo ukagwedera musapachikepo kanthu mpaka utakhazikika. Ntchito imeneyi muwapatse bambo a kunyumbako, chifukwa munthu amene waimika yekha mtengo sachedwa kufuna kuona mmene utakongolere.

Ngati mtengowo ndi wodula kumene osati wapulasitiki, m'ndowamo mukhale miyala ndi madzi, osati mchenga wouma. Musanauimike, chekaniko masentimita awiri kunsi kwa tsinde, chifukwa utomoni umatseka pachilondapo m'maola ochepa ndipo mtengo umalephera kumwa. Masiku oyambirira umamwa madzi ambiri, choncho muziwaona tsiku lililonse. Nkhani imeneyi si ya kukongola chabe ayi. Mtengo wa paini ukauma, masamba ake osongoka aja amayaka ngati udzu wa m'chilimwe, ndipo moto umaukuta wonse m'masekondi ochepa.

Timagetsi tambiri ta pamtengo timalumikizidwa mondondozana, kutanthauza kuti mphamvu ya magetsi imadutsa m'kababu koyamba isanafike kwa kachiwiri, ndipo kababu kamodzi kakakhwefuka kapena kuthyoka mkati, gulu lonse limene lili nako limazima. Ndi chifukwa chake theka la nthambo yanu linkayaka pamene theka lina linali mdima. Yalani nthamboyo pansi, muilumikize kusoketi tsiku loti mawa mukongoletsa mtengo, ndipo mukaona mbali yozima muzimitse kaye n'kumakanikiza timababu timodzitimodzi. Nthambo imene yang'ambika mpaka mawaya kuonekera, kapena imene pulagi yake imatentha, muitaye ndithu osaimata ndi tepi. Pogula ina sankhani ya mtundu wa LED, imene satentha ngati timababu takale, ndipo pomaliza nyengoyi muikulunge pakachidutswa ka katoni kuti ola lija musadzalitayenso. Timagetsi ndi timene timayamba kukulungidwa pamtengo, zokongoletsera zina pambuyo, ndipo pogona kapena pochoka pakhomo tizizimitsidwa.

Mwina zingakutonthozeni kudziwa kuti anthu akale anali pachiopsezo choposa chanu. Ku Germany, kumene mwambowu unakhazikika m'zaka za m'ma 1500, mabanja anadzayamba kuyatsa makandulo enieni panthambi, ndipo ankasunga ndowa ya madzi pafupi. Munali mu 1882 pamene Edward Johnson, mnzake pantchito wa Thomas Edison, katswiri wa za magetsi wa ku America, anakulunga mababu 80 ofiira, oyera ndi abuluu pamtengo wa m'nyumba mwake ku New York.

Tsopano za ana, ndipo apa ndikupemphani kuti mundimvetse. Munawaitana kuti akongoletse, kenaka n'kuyamba kukonza zimene anachita iwo akuona, ndipo mwana akaona zotere amamva kuti ntchito yake ndi yachabe. Walira mvula walira matope. Mwana wa zaka zinayi amapachika pamene dzanja lake likufika, ndipo amaika zinthu zisanu panthambi imodzi chifukwa nthambiyo waikonda. Agawireni nthambi zam'munsi kuti zikhale zawo, muwapatse zokongoletsera zapepala, zansalu ndi zamatabwa zimene sizisweka, ndipo aliyense mumuimike mbali yake kuti kulemera kugawikane popanda inu kusuntha kanthu. Zagalasi zikhale pamwamba, zomangidwa ndi kawaya osati kungokolekedwa, pakuti timipira totere, timene amisiri a m'tauni ya Lauscha ku Germany anayamba kuumba pouzira mpweya m'zaka za m'ma 1800, ndi topyapyala ngati chikamba cha dzira. Chinthu chimene simungapirire chitasweka musachipachike n'komwe ana akadali aang'ono. Pamene nyuzipepala ina ya ku London inasindikiza mu 1848 chithunzi chimene chinafalitsa mwambowu ku Britain, chinkaonetsa Mfumukazi Victoria, mwamuna wake Albert ndi ana awo atazungulira mtengo, ndipo ine ndimakhulupirira kuti chimene anthu anasirira pachithunzipo ndi banjalo. Ngati zidutswa za kampira kaja munasunga, ziikeni m'kabotolo koonekera mkati, mukatseke bwino, ndipo muwauze anawo kuti kanali ka agogo awo.

FUNSO: Akonzi, mphaka wanga amakonda kutafuna timizere tonyezimira tokhala ngati ulusi timene timayalidwa pamtengo. Kodi pali choopsa?
Wowerenga wanu

YANKHO: Chilipo, ndipo ndi chachikulu. Timizere timeneti sitigayika m'mimba, ndipo tikakodwa pansi pa lilime kapena m'matumbo timatha kukwinya ndi kucheka matumbowo, moti nthawi zambiri pamafunika opaleshoni. Mukaona mphaka akusanza, akukana chakudya, kapena kamzere kakulendewera kukamwa kapena kumbuyo kwake, musakakoke, koma pitani naye kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. M'nyumba momwe muli mphaka ndi bwino kusatigwiritsa ntchito. Ngati mulinso mwana wokwawa, onetsetsani kuti zokongoletsera zoyaka ndi timabatire tozungulira ngati mabatani zili kutali naye, chifukwa kabatire kotere kakamezedwa n'kukakamira pammero kamayamba kuwotcha mnofu pasanathe maola awiri, ndipo mwanayo muyenera kuthamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale akuoneka kuti ali bwino.