Besi yolirima mosadukiza: reverb ibwere pomaliza, achimwene

Achimwene ena amene amaimba besi m'tchalitchi cha malata cha ku Santhe, ku Kasungu, anditumizira imelo. Akufuna kuti nthawi ya mapemphero, ng'oma zikati zii, besi izilirima pansi ndi liwu limodzi lotalika, lokhala ndi kautsi pamwamba pake. Akufunsa kuti agule pedal (kabokosi koponda ndi phazi kosintha liwu la besi) ya Boss RV-6 kapena apirire mpaka ndalama ikwane ya Strymon BigSky.

Funso limeneli limandiwawa chifukwa anthu ambiri amayambira pomwepa, ndipo ndalama zimathera pomwepa. Zonse ziwiri mwatchulazi, achimwene, ndi reverb, ndipo reverb sigwira liwu kuti lisathe. Imangolipatsa chipinda choti lizimvekeramo. Inu chipinda muli nacho kale: makoma a njerwa, pansi pa simenti, denga la malata lopanda siling'i. Ombani m'manja kamodzi muli nokha m'menemo, mumve mmene liwu likubwererera. Reverb imeneyo simunaigule ndipo ilibe pozimitsira.

Tiyambe ndi manambala a besi yanuyo. Nsambo ya E yosagwira imalira pa 41 Hz (kutanthauza kuti imanjenjemera ka 41 pa sekondi), ya A pa 55, ya D pa 73, ya G pa 98. Funde la liwu la 41 Hz ndi lotalika mamita opitirira 8. Likagunda khoma n'kubwerera limakumana ndi linzake, pena n'kuwonjezerana, pena n'kufafanizana. N'chifukwa chake amayi a pakona yakumbuyo amadandaula kuti besi ikuwagunda pamtima pomwe inu kutsogolo simukuimva. Mukathira reverb ya masekondi 8 pa liwu lotere, mukuthira madzi m'phala lomwe ndi lamadzimadzi kale. Mawu a wotsogolera pemphero amamira, wa pa mikisa amakutsitsani, basi pedal yodula ija yangokhala chokongoletsa.

Zimene makutu anu akufuna ndi ntchito zitatu zosiyana. Pakufunika chogwira liwu kuti lisathe, cholitakasa kuti lisaume, ndi cholipatsa malo. Yoyambayo ndiyo mulibe.

Chogwira liwu chodziwika bwino ndi Electro-Harmonix Freeze. Ndi kabokosi kakang'ono, kali ndi kopotokola kamodzi ndi kaswichi ka malo atatu: Fast, Slow ndi Latch. Mukaponda, kamatola kachidutswa kakang'ono ka liwu limene likulira nthawiyo n'kukatambasula mpaka kalekale. Pa Fast ndi Slow liwu limakhalapo phazi likadali pamwamba pake, kusiyana kwake n'kwakuti Slow imalowa ndi kutuluka pang'onopang'ono. Pa Latch mumaponda n'kuchotsa phazi, liwu n'kutsala. Mukaponda kachiwiri limasintha kukhala latsopano, mukaponda kawiri motsatizana limazima. Liwu la besi yanu limadutsabe, ndiye mutha kumaimba pamwamba pa lomwe mwagwiralo.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi nthawi yopondera. Mukaponda pomwe chala changokhudza nsambo, mumagwira kuthetheka kwa chala ndi kwa fret, ndipo zimenezo zidzalira mpaka ameni. Dikirani pafupifupi theka la sekondi liwu likhazikike, kenako pondani. Komanso musagwire E ya pansi penipeni. Gwirani E ya pa fret 7 pa nsambo ya A, imene ili pa 82 Hz, ndipo ngati mukufuna kunenepa onjezani B ya pa fret 9 pa nsambo ya D. Muzu (E) ndi liwu lachisanu kuchokera pa muzuwo (B) zimagwirizana. Liwu lachitatu kuchokera pa muzu musaliike pansi pamenepo, limalimbana ndi muzu ndipo mumangomva kubwatabwata ngati mphika wa nyemba.

Kunena zoona, liwu la Freeze palokha ndi louma. Likakhala mphindi imodzi limafanana ndi chigayo cha pa msika chikamalira kutali, ndipo khutu limatopa nalo. Apa m'pamene pakufunika chotakasa: chorus kapena phaser, ma pedal oyendetsa liwu ngati mafunde, yoikidwa pambuyo pake, Rate yotsika kwambiri moti kuzungulira kumodzi kutenge masekondi 4 kapena 5, Depth osapitirira theka. Mukakweza Rate limayamba kunjenjemera ngati kaseti yonyowa. Vuto n'lakuti Freeze ili ndi potulukira pamodzi, choncho chilichonse chobwera pambuyo pake chimagwira liwu logwidwalo pamodzi ndi zimene mukuimba. Mkulu wake, Superego, ali ndi Send ndi Return, moti phaser imakhudza logwidwalo lokha. Ndi yabwino, koma mtengo wake ndi wokwera, ndipo sindinganene kuti muyambire pamenepo.

Ndipatuke pang'ono. Anthu amaganiza kuti liwu lokhala ndi manyenje limachokera m'mabokosi a kunja okha. Mverani babatoni, besi ya nsambo imodzi ija imene Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amaimba ndi botolo ndi kamtengo. Chimene chimakoma m'menemo ndi kukhula kwa botolo pa waya ndi kunthunthumira kwa chikopa, zonse zili pamwamba pa liwu la pansi. Pansipo pamakhala poyera. Mfundo yake ndi imodzimodzi pa besi ya magetsi: dothi, utsi, mphepo, zonse ziikeni kumwamba, pansi musiye pouma. Ndipo apa sindikambirana ndi munthu. Reverb yothiridwa pa mawu a pansi pa 150 Hz m'tchalitchi cha malata ndi kuwononga, kaya bokosilo lalembedwa dzina lotani.

Njira yosiyanitsira ilipo. Tengani Boss LS-2, pedal yogawa liwu m'njira ziwiri, muiike pa A+B Mix. Mbali ya A isakhale ndi kanthu, ndiyo besi yoyera. Ku mbali ya B ikani Boss GEB-7, pedal yokweza kapena kutsitsa magawo a liwu, mutsitsiretu 50 Hz ndi 120 Hz, kenako delay (yobwereza liwu) ndi reverb. RV-6 ili ndi Tone koma ilibe podulira mawu a pansi paokha, n'chifukwa chake GEB-7 ikhale patsogolo pake. Ngati zimenezi zachuluka, pitani kwa wa pa mikisa: besi ilowe mu tchanelo chake, atumize pang'ono ku reverb kudzera pa Aux, pobwerera alowetse mu tchanelo china, adine Low Cut n'kutsitsa Low. Simunalipire kalikonse.

Za magetsi

Izi ndi zimene zimapha ma pedal kwathu kuno kuposa china chilichonse. Ma pedal ambiri amafuna 9V DC yokhala ndi negetivu pakati pa pulagi. Adaputala ya dikoda kapena ya rauta nthawi zambiri imakhala 12V, pozitivu pakati, ndipo pulagi yake imalowa bwinobwino. Mukangoilowetsa mumamva kafungo ka pulasitiki wopsa, zatha. Yang'anani kachithunzi kali pa adaputala musanalumikize. Ngati pedal yabwera kuchokera ku America, adaputala yake ikhoza kukhala ya 120V yokha pomwe magetsi athu ndi 230V. Werengani zolembedwa pamsana pake. Freeze silandira batire, ndiye magetsi akathima nayonso yagona, pokhapokha mutakhala ndi power bank ndi chingwe chokweza 5V kufika 9V. BigSky imafuna 300 mA. Mukaimangirira pa chingwe chimodzi ndi ma pedal ena imatha kubweretsa kaphokoso kosalekeza, kamene m'nyimbo yothamanga sikamveka koma m'pemphero la chete aliyense amakamva.

Palinso ichi chimene ambiri sachidziwa. Magetsi athu amayenda pa 50 Hz, ndipo G ya pa fret 3 pa nsambo ya E ili pa 49 Hz. Ngati ampu yanu ikung'ung'uza chifukwa soketi ilibe waya wa earth, mukagwira G ameneyo mudzamva liwu likukwera ndi kutsika kamodzi pa sekondi, ngati munthu akupuma. Mudzada pedal, chonsecho vuto ndi waya wa m'khoma. Pa jenereta zimaipiraipira chifukwa liwiro lake limasinthasintha. Besi ya mtundu wa Jazz imachepetsa kung'ung'uzako ma volume onse awiri akakhala ofanana. Freeze imagwira chilichonse chimene yapatsidwa, phokoso lomwe, choncho konzani zimenezi kaye.

Sipika nayo muiganizire. Liwu wamba la besi limagunda n'kuzilala, koyilo ya sipika n'kupeza mpata wozizira. Liwu logwidwa silipereka mpata umenewo. Mphindi 10 za E ya pansi pa voliyumu yokwera, m'kutentha kwa Okutobala, pa kasipika ka mainchesi 10, mudzapita nako kokakulungitsa koyilo. Liwu logwidwa likhale lotsikirapo kusiyana ndi limene mumaimbira nyimbo. Ndipo mugwirizane ndi wa kiyibodi kuti dzanja lake lamanzere lichoke pansi nthawi imeneyo. Awiri simungakhale pa mpando umodzi. Wotsogolera akasintha kiyi mwadzidzidzi, monga amachitira, phazi lanu lizimitse msanga.

Mndandanda wake ukhale wotere: besi, fuzz (yoika dothi pa liwu) kapena octave (yowonjezera liwu lomwelo pansi kapena pamwamba) ngati muli nayo, Freeze, phaser, delay, reverb, ampu, osaiwala kuti mawu a pansi aja asalowe mu reverb. Delay muiike pa mamilisekondi 500 mpaka 600, Feedback cha m'ma 60 peresenti, reverb Mix isapitirire 30.

Tsono yankho lanu. BigSky iwalani, kukoma kwake kuli mu stereo ndipo inu muli ndi sipika imodzi. Gulani Freeze choyamba. Yachiwiri ikhale Zoom MS-70CDR, imene ili ndi chorus, delay ndi reverb m'bokosi limodzi, imayendera mabatire awiri a AA, ndipo imakwanitsa ntchito ziwiri zotsalazo. Ngati mukugula yogwiritsidwa kale ntchito ku Lilongwe, nyamulani besi yanu ndi chingwe chanu, mupondeponde swichi kakhumi, mupotokole chilichonse mukumvetsera ngati fumbi silikuthetheka mkati.