Musaifomate laputopuyo, vuto la gcc lili pa Path

Achimwene, musaifomate laputopuyo. Amene akukuuzani m'makomenti umu kuti muikenso Windows angokuonongetsani tsiku lonse pachabe. Uthenga uli pa sikirinishoti yanuwo, "'gcc' is not recognized as an internal or external command", sukutanthauza kuti makina ndi owonongeka. Windows yayang'ana m'mafoda onse olembedwa pa Path, mndandanda wa mafoda omwe imafufuzamo mukalemba lamulo, ndipo sinapezemo gcc.exe, yomwe ndi compiler, pulogalamu yosandutsa code yanu kukhala exe, nkhani yake ndi yomweyo. Mwina compiler simunaiike n'komwe, paja VS Code ndi polembera chabe ndipo extension ya C/C++ ya Microsoft ija sibwera ndi compiler, kapena munaiika koma foda yake ya bin sinalowe pa Path. Koma winawake wanena kuti mubwerere nayo komwe munagula akakuikireni, ndiye ineyo magazi angowira pompo.

Yanga ndinagula pa shopu ina m'tauni, yatsopano, ya m'katoni. Mnyamata wa pashopupo, amene anzake ankamutcha injiniya, anati ndiwonjezere kandalama andiikire "zonse za programming". Anatulutsa flash yake, kudinadina, kenako kundionetsa Hello World pawindo lakuda. Ndinalipira, ndinathokoza mpaka kuwomba m'manja.

Vuto linadzaoneka usiku womwe asayimenti ya C++ inkatsekedwa pakati pa usiku. Code tinalembera pa makina a mnzanga wa m'gulu ndipo inkayenda bwinobwino. Ine ntchito yanga inali kumalizitsa gawo lomaliza, kuiyesa, n'kutumiza. Magetsi anali atathima kuyambira madzulo, laputopu ili pa batire, intaneti ndikukoka pafoni, bandulo yake yotsala pang'ono. Ndikupanga compile, mzere wofiira: "fatal error: optional: No such file or directory". Ndachotsa mzere umenewo kuti ndione zina, kwatulukanso "'thread' is not a member of 'std'". Code yomweyo, fayilo yomweyo, kwa mnzanga ikuyenda, kwa ine ikukana. Ndinawerenga mzere ndi mzere ndi tochi ya foni chifukwa kuwala kwa sikirini ndinali nditachepetsa kuti batire ichedwe kutha. Udzudzu ukundidya m'miyendo, a m'gulu akulemba pa WhatsApp kuti "aise watumiza?", wina mpaka kuimba, ine osayankha chifukwa foni ikalira hotspot imaduka.

Ndiye ndinalemba g++ --version kuti ndione version ya g++, compiler ya C++ ya m'gulu la GCC. Inayankha 6.3.0. GCC 6.3 inatuluka mu Disembala 2016, abale. Pa laputopu ya Windows 11! Munthu uja anandiikira MinGW, GCC ya pa Windows, yakale ija ya pa SourceForge, ya 32-bit, yomwe matutoriyo akale a pa YouTube amaonetsabe. Mu GCC 6 mulibe optional, inabwera mu GCC 7, filesystem inabwera mu 8, ndipo MinGW yakaleyo std::thread siidziwa n'komwe. Ngati kuti sizinakwane, anaikamonso Dev-C++ 5.11 ya 2015 yomwe imabwera ndi GCC 4.9.2. Zinthu zoti zikanayenera kupuma kalekale.

Koma chomwe chinandiumitsa thupi si chimenecho. Ndinafuna kuona kuti g++ ameneyu akuchokera mufoda iti, ndiye ndinalemba where g++. Yankho lake: "'where' is not recognized as an internal or external command". Ndinayang'ana sikirini kukamwa kuli yasa. Ndalemba ipconfig, zomwezo. Ndalemba ping, zomwezo. Malamulo a Windows yeniyeni, Windows yomweyo ikuti siikuwadziwa. M'mutu munangobwera zoti makina adyedwa ndi virus, ndalama zonse zomwe akwathu anasonkha zapita m'madzi, ndipo batire ikuchenjeza kuti yatsala pang'ono. Manja ankanjenjemera moti lamulo limodzi ndinkalilemba kawiri. Mwamwayi echo ili m'kati mwa cmd momwemo, windo lakuda lolembamo malamulo lija, siidalira Path, ndiye echo %PATH% inayenda. Pomwe pamayenera kuyamba ndi C:\Windows\system32 panali C:\MinGW\bin. System32 kulibe, Wbem kulibe, PowerShell kulibe. Munthu anafufuta Path yonse ya system n'kusiyapo foda yake imodzi. Hello World wake anayenda chifukwa gcc yekhayo ndi amene anatsala pamndandanda.

Ndinabwezeretsa pamanja, ndikukopera pa chithunzi chomwe mnzanga anajambula pa makina ake: C:\Windows\system32, C:\Windows, C:\Windows\System32\Wbem, C:\Windows\System32\WindowsPowerShell\v1.0\. Kenako kutsitsa MSYS2, pulogalamu yoikira compiler yatsopano, ndi kabandulo kaja. Pacman, chida chotsitsira mapulogalamu mu MSYS2, ali m'kati motsitsa, netiweki yagwa, batire nayo yatha, makina athima. Magetsi atayaka m'bandakucha ndikuyesanso, "unable to lock database". Pacman akaphedwa ali pakati pa ntchito amasiya kafayilo kotchedwa db.lck mu /var/lib/pacman, ndipo sagwiranso ntchito mpaka mutakachotsa. Ndachotsa, ndaika toolchain yonse, ndawonjezera C:\msys64\ucrt64\bin pa Path ya user, ndatsegula cmd yatsopano, g++ --version. 6.3.0. Ndinatsala pang'ono kuiponya panja. Chifukwa chake n'choti Windows imalumikiza Path ziwiri, ya system imakhala patsogolo, ya user pambuyo, ndipo imatenga g++ woyamba kumupeza. C:\MinGW\bin ya munthu uja inali ku system, ndiye inkapambana nthawi zonse ngakhale compiler yatsopano ili pompo. Nditaichotsa pamenepo code inayenda ulendo woyamba womwe, osasintha chilembo n'chimodzi chomwe. Nthawi imeneyo asayimenti inali itatsekedwa kale, tinatumiza mochedwa, gulu lonse linadulidwa malikisi, ndipo mpaka lero ena amati ndine amene ndinawagwetsa.

Nditabwerera ku shopu kuja, mukudziwa zomwe ananena? Akuti ndi virus, ndisiye makina awafomate, koma ndilipirenso. Nditamuonetsa chithunzi cha Path ija sanachite ngakhale manyazi, anati iye amalemba lamulo limodzi lomwelo pa makina onse ndipo palibe anadandaulapo. Analilemba ndikuona: setx /M PATH "C:\MinGW\bin". Lamulo limenelo silowonjezera, limachotsa zomwe zinalipo n'kuikapo zatsopano. Ngakhale mutalilemba mwanzeru ndi %PATH% kutsogolo, setx imadula chilichonse chopitirira zilembo 1024, ndiye pa makina okhala ndi mapulogalamu ambiri imakudyerani kumchira. Ndi ana asukulu angati akuyenda ndi malaputopu oterewa akuganiza kuti programming ndi yowakanika, pomwe wolakwa ali pa kauntala akudya chipisi? Akuti palibe anadandaula. Adandaula bwanji munthu wa chaka choyamba amene sanamvepo za Path? Ndalama yanga sanabweze, bwana wake anangoti "pepani bigi" akuyang'ana pafoni.

Ndiye inu chitani izi nokha. Tsegulani cmd, osati PowerShell, mulembe where gcc. Ngati muli mu PowerShell lembani where.exe gcc, chifukwa mmenemo where yekha ndi chinthu china ndipo amangobwerera osanena kanthu, anthu n'kumaganiza kuti gcc kulibe. Pakapanda kutuluka foda iliyonse, pitani pa msys2.org mutsitse installer, muisiye ilowe ku C:\msys64 komwe imasankha yokha. Musaiike pa Desktop kapena mu Documents, makina atsopanowa mafoda amenewo nthawi zambiri amakhala m'manja mwa OneDrive, komanso dzina la foda likakhala ndi mpata pakati zida zina zimasokonezeka. Mukatero tsegulani MSYS2 UCRT64, muyambe ndi pacman -Syu, windo likatsekeka mulitsegulenso n'kubwereza, kenako pacman -S --needed base-devel mingw-w64-ucrt-x86_64-toolchain. Imadya data ndithu, chitani pomwe pali Wi-Fi ndipo chaja ili pakhoma. Mukaona zodandaula za signature kapena certificate, yang'anani kaye tsiku ndi nthawi pa laputopupo, makina ochokera mu shopu ena amabwera wotchi ili kwina.

Path musinthire pawindo lake. Dinani Start, lembani "environment", sankhani Path ya user, Edit, New, muike C:\msys64\ucrt64\bin. Musanakhudze chilichonse jambulani ndi foni momwe zilili. Mukamaliza tsekani cmd zonse ndi VS Code yense, osati terminal yokha ya m'katimo, chifukwa pulogalamu imawerenga Path pomwe ikutsegulidwa basi. Anthu ambiri amakakamira pamenepa, akonza kale koma akuyesabe pawindo lakale.

Where gcc ikakuonetsani mizere iwiri kapena itatu, wapamwambayo ndi amene akugwira ntchito. Ena amabwera osaitanidwa, Strawberry Perl mwachitsanzo imabwera ndi gcc wake mu C:\Strawberry\c\bin. Kusakaniza kotereku ndi komwe kumabweretsa zija zoti compile yayenda koma exe ikuti "procedure entry point could not be located" mu libstdc++-6.dll, chifukwa yatola DLL, fayilo yomwe exe imadalira poyenda, ya compiler ina. Siyani compiler imodzi pa Path, zina zichoke. Ndipo exe yomwe mukukaonetsa pa makina a kulabu muipange ndi -static, apo ayi mukaima pamaso pa aphunzitsi makina akufunsa libstdc++-6.dll yomwe yatsala kunyumba.

Zing'onozing'ono zidzakupezani sabata yoyamba yomwe. "Undefined reference to WinMain" kawirikawiri ndi fayilo yomwe simunasevu, onani kadontho pa tab. "Cannot open output file main.exe: Permission denied" ndiye kuti pulogalamu yanu ikadayendabe kumbuyo kapena antivirus yaigwira, makamaka ija yoyeserera yomwe imabwera ndi makina. Ipatseni foda ya code yanu ngati exclusion, musazimitse chitetezo chonse. Ndipo ngati installer ikukana kutseguka n'komwe, ikukulozerani ku Microsoft Store, onani mu Settings, System, About ngati Windows yanu ili mu S mode, yomwe imangolola mapulogalamu a mu Microsoft Store. Kutulukamo ndi kwaulere koma kubwereramo kulibe.

Komabe ngati muli ndi asayimenti ya mawa, zonse ndalembazi zisiyeni kaye. Tsitsani Code::Blocks, fayilo ija yokhala ndi mingw-setup m'dzina lake, imabwera ndi compiler yakeyake ndipo Path siifuna n'komwe. Ndikudziwa ndangonena kumene kuti compiler ikhale imodzi, koma ine tsopano installer imeneyo imakhala pa flash nthawi zonse. Ndipo laputopu musapatse munthu, ngakhale akhale ndi satifiketi pakhoma. Zikakanikabe pezani wa chaka chachitatu kapena chachinayi amene amalemba C++ tsiku ndi tsiku akuonereni, inu muli pambali pake mukuona chomwe akulemba. Kapena ikani pano zomwe zikutuluka mukalemba where gcc, g++ --version ndi echo %PATH%, mutabisa dzina lanu la user, ndizionako ndikaweruka.